Kulondola Mbiri ya Banja: Ntchito ya Mlungu ndi Mlungu

Mawu oyamba

Tikafunsa ana a kalasi yachinayi kuti atchule mtsinje waukulu wa m'chigawo cha Tete, ambiri amayankha msanga kuti ndi Zambezi. Koma tikawafunsa dzina la amayi a agogo awo aakazi, kalasi yonse imangoti zii. Nafenso aphunzitsi, tikadziyesa moona mtima, ambiri timalekezera pa agogo, ndipo amene anabala agogowo sitiwadziwa.

M'phunziro lino tiona mmene mayi wina wa m'boma la Angónia amalondolera mbiri ya banja lake mlungu ndi mlungu, popanda womutuma kapena womulipira. Kuchokera pa kagwiridwe kake ka ntchito, titola mfundo zotithandiza kukonza maphunziro a kuyankhula, kumvetsera, kulemba ndi kuwerengera m'Chinyanja.

Zolinga

Pomaliza phunziroli tikhale titadziwa:

1. njira zofunsira akuluakulu ndi kulemba zimene atiuza mosasokoneza;
2. misampha imene imabisala m'mayina ndi m'zaka;
3. chifukwa chimene ntchitoyi iyenera kuyambira m'chiyankhulo cha mwana;
4. kakonzedwe ka ntchitoyi m'kalasi, ndi zofunika kusamala nazo.

1. ANambewe ndi makope awo

Mayi ameneyu timutchula ndi mfunda wake wokha, aNambewe, monga mmene anthu akwawo amaitanira. Iwowa anaphunzitsa m'sukulu za pulayimale mpaka kupuma, ndipo tsopano amakhala pamudzi pawo kufupi ndi Ulónguè. Amalima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere monga anzawo onse, amalera adzukulu atatu, ndipo Lamulungu amaimba m'kwaya ya amayi. Chimene chimawasiyanitsa ndi anzawo ndi chitini chimene amasunga pamwamba pa kabati. M'chitinimo muli makope asanu ndi awiri, okulungidwa m'pepala la pulasitiki poopa chiswe ndi mvula yodontha.

Ntchitoyi inayambira pa maliro a amayi awo aakulu. Itayandikira nthawi yonena mbiri ya malemu, abale anayamba kutsutsana kuseri kwa nyumba. Ena ankati malemuwo anabadwira ku Dómuè, ena ankati anabadwira kutsidya kwa malire, m'dera la Dedza. Panalibenso wodziwa bwino kuti m'mimba mwawo anabadwa angati, popeza ena anamwalira ali makanda. Munthu yekhayo amene akanathetsa mkanganowo ndi amene anali m'bokosi. Atabwerako kumanda, aNambewe anatenga kope lotsala la mdzukulu wawo n'kulemba mayina onse amene anamva tsikulo.

Kuyambira pamenepo mlungu wawo umayenda motere. Loweruka masana, akaweruka kudimba, amaika kope m'thumba pamodzi ndi kapaketi ka shuga kapena mchere, n'kupita kukacheza kwa munthu wachikulire mmodzi yekha. Akafika amakhala pamphasa n'kuthandiza ntchito imene apezapo, kaya ndi kutong'ola chimanga kaya kuswa mtedza. Kope silituluka m'thumba mpaka nkhani itayamba yokha. Safunsa kuti, “Tandiuzani mbiri ya banja lathu,” chifukwa anaona kuti funso lotero limangomusowetsa wachikulire poyambira. M'malo mwake amafunsa kanthu kakang'ono kamene munthu anakaona ndi maso ake: “Kodi azakhali, pamene munkabwera kudzakwatiwa kuno, anakuperekezani ndani?” Funso limodzi lotere limatulutsa mayina anayi kapena asanu, ndipo dzina lililonse limabwera ndi nkhani yake.

Lamulungu akachokera kutchalitchi amayatsa foni imene yakhala ikutchajidwa pa sola, n'kutumiza mauthenga a mawu pa WhatsApp kwa abale a ku Tete, ku Beira, ku Lilongwe ndi ku Harare. Amasankha mawu oyankhula osati olemba, popeza ena mwa abalewo anaphunzira kulemba Chipwitikizi, ena Chingerezi, ena sanapite kusukulu, koma onse amamva Chinyanja.

Lolemba madzulo, adzukulu akamalemba ntchito yawo ya kusukulu, iwonso amakhala patebulo lomwelo n'kumakopera mwaudongo zimene analemba mothamanga. Pansi pa nkhani iliyonse amalembapo zinthu zitatu: amene wanena, tsiku limene wanena, ndiponso ngati wonenayo anaziona yekha kapena anangozimva. Zimene amva kwa munthu mmodzi amazilemba ndi pensulo. Akazimvanso kwa munthu wina amene sanapangane ndi woyambayo, amadutsamo ndi bolopeni.

Masiku enawo kope limapuma, koma makutu sapuma. Kuchigayo, kuchitsime ndi kumsika kumamveka mawu monga akuti, “Ujeni uja ndi mdzukulu wa aNaphiri a kumtunda,” ndipo mawu otero amasanduka funso la Loweruka lotsatira. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene aliyense ali pakalikiliki wopalira, mlungu wathunthu umatha atangolemba mzere umodzi. M'chilimwe, zokolola zikalowa m'nkhokwe, ndi pamene amakwera chapa kapena njinga kupita kumidzi yakutali. Iwo amati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pali chinthu chimodzi chimene amadandaula nacho mpaka lero. Anali ndi azakhali ena kumbali ya Tsangano, amene ankadziwa mayina a ana amene agogo awo aamuna anabala ku Rodeziya pamene anali mtchona m'mafamu a kumeneko. ANambewe analonjeza kuti adzapita akamaliza kupalira. Uthenga wa maliro unafika m'mwezi wa Febuluwale, iwo asananyamuke. Mayina aja anapita nawo kumanda, ndipo tsamba limene anasiyira ana a ku Rodeziya likadali loyera. Kuchokera apo anadziikira lamulo loti aziyambira kwa wamkulu kwambiri ndi wodwala, ngakhale akhale kutali.

Palinso chimene chinawasangalatsa. Cha m'ma 1986, nkhondo itakula m'dera lathu, banja lawo linathawira ku Ntcheu, kumene linasungidwa ndi abale a mudzi wina. Anthu atayamba kubwerera pambuyo pa mtendere wa 1992, amayi awo aang'ono anatsalira komweko chifukwa anali atakwatiwa. Patapita nthawi anamwalira, ndipo ana awo anasowa osadziwika kumene anapita. Kwa zaka zambiri aNambewe ankafunsa pogwiritsa ntchito dzina laubatizo la malemuwo, koma palibe amene ankalizindikira. Tsiku lina gogo wina anawauza dzina limene malemuwo ankaitanidwa nalo ali mtsikana. Atalitchula mu uthenga umene unayenda m'mafoni a abale, mnyamata wina anayankha kuti limenelo ndi dzina limene amayi ake anapatsa mlongo wake wamng'ono. Chilimwe chotsatira mnyamatayo anadzafika pamudzi, ndipo anamuonetsa manda a agogo ake.

2. Misampha ya m'mayina

Nkhani yomalizayi ikutiphunzitsa kuti munthu mmodzi amakhala ndi mayina ambiri. Pali dzina la paubwana, dzina limene ena amalandira kuchinamwali, dzina laubatizo, mfunda, dzina loitanira kholo potchula mwana wake monga “amake ujeni”, ndi dzina limene linalembedwa m'mapepala a boma. Mbale aliyense amasunga dzina la nthawi imene iye anamudziwa munthuyo. Tikapanda kusamala, munthu mmodzi timamulemba kawiri ngati anthu awiri.

Msampha wachiwiri ndi wotembenuza woyambawu: dzina limodzi limakhala la anthu ambiri. Pamwambo wathu, amene walowa ufumu kapena udindo wa mwinimbumba amalowanso dzina la amene wamusiyira, ndipo abale amayamba kumuitana monga mmene ankaitanira malemuyo. M'kope loyamba la aNambewe munali kholo lina limene akuti linaona kufika kwa Angoni, linakhoma msonkho kwa Apwitikizi, ndiponso linatsogolera mudzi pothawa nkhondo. Atawerengera anapeza kuti munthu ameneyu akanakhala ndi zaka zopitirira 120. Atafunsanso, zinadziwika kuti anali anthu atatu, aliyense wolowa dzina la amalume ake. Choncho tikamva dzina la mfumu kapena la mwinimbumba, funso lotsatira likhale lakuti, “Ameneyu ndi wachingati pa dzinali, nanga amayi ake anali yani?”

Msampha wachitatu uli m'mapepala. Alembi a nthawi ya atsamunda, ngakhalenso ambiri a pambuyo pake, ankalemba mayina athu motsata kalembedwe ka Chipwitikizi. Pamene ife timalemba w iwo ankalemba u, pamene timalemba k ankalemba c kapena qu, pamene timalemba ny ankalemba nh, ndipo mpweya wa ph, th ndi kh kawirikawiri ankausiya. Motero Mwale amapezeka ngati Muale, Phiri ngati Piri, Nkhoma ngati Ncoma. Komanso ana ambiri analembedwa ndi dzina loyamba la bambo awo m'malo mwa mfunda, kotero kuti ana a bambo mmodzi, wina wolembedwa kuno wina ku Malawi, amaoneka ngati alibe ubale. Mapepala monga cédula, bilhete de identidade ndi makhadi aubatizo a kumishoni zakale monga Lifidzi ku Angónia kapena Messumba m'mphepete mwa nyanja ya Niassa ndi othandiza kwambiri, koma tiyenera kuwawerenga mokweza kuti khutu lizindikire dzina limene diso lalephera kulizindikira.

3. Kupeza zaka

Akuluakulu ambiri sasunga chaka m'manambala, koma amasunga zimene zinachitika. Ngakhale chaka cholembedwa pa chiphaso nthawi zina chimakhala chongoyerekeza, makamaka kwa anthu amene analembetsa atakula kale. ANambewe anamata pachikuto cha kope lililonse mndandanda wa zochitika zimene zaka zake n'zodziwika:

1964: kuyamba kwa nkhondo yomenyera ufulu, imene inakula m'chigawo cha Tete kuyambira 1968;
1969: kuyamba kumanga damu la Cahora Bassa;
25 Juni 1975: ufulu wodzilamulira;
1980: metical ilowa m'malo mwa escudo;
19 Okutobala 1986: imfa ya Pulezidenti Samora Machel ku Mbuzini;
4 Okutobala 1992: kusainidwa kwa pangano la mtendere ku Roma;
1994: chisankho choyamba cha zipani zambiri;
21 Juni 2001: kadamsana wa dzuwa.

Gogo akanena kuti, “Amayi akowa ndinawabala chaka chimene ndalama zinasintha,” tadziwa kuti akunena 1980. Akanena kuti, “Pothawa nkhondo n'kuti ali kumbuyo,” tadziwa kuti mwanayo anali asanakwane zaka zitatu. Pamndandandawu sukulu iliyonse iwonjezere zochitika za m'dera lake: chaka cha njala, cha dzombe, cha kumangidwa kwa mlatho kapena kwa sukulu yomweyo. Pamene chaka chenicheni sichikupezeka, tilembe kuti “cha m'ma”, ndipo ana aphunzire kuti kulemba motero kuposa kulemba nambala yabodza.

4. Chifukwa chake tiyambire m'Chinyanja

Kuyambira pa kuyesera kwa PEBIMO, kumene kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, mpaka pamene maphunziro a ziyankhulo ziwiri anayamba kulowa m'sukulu zathu mu 2003, mfundo yaikulu yakhala yoti mwana amamanga zatsopano pamwamba pa zimene akudziwa kale. Pa nkhani ya ubale, zimene mwana akudziwa kale n'zambiri kuposa zimene zili m'buku.

Taonani mawu a Chipwitikizi akuti tio. Mawu amodziwa amaphimba anthu amene kwa ife ndi osiyana kotheratu. Amalume, amene ena amati atsibweni, ndi mlongo wa amayi, ndipo pakati pa Achewa ndiwo mwinimbumba ndi nkhoswe ya ukwati wa ana a mlongo wawo. Abambo aakulu ndi abambo aang'ono ndi abale aamuna a abambo, ndipo mwana amawatcha abambo. Chimodzimodzinso tia amaphimba azakhali pamodzi ndi amayi aakulu ndi amayi aang'ono. Mawu akuti primo amasonkhanitsa msuweni, amene timaseka naye nthabwala ndipo kale ankatha kukwatirana naye, pamodzi ndi mwana wa amayi aang'ono, amene kwa ife ndi m'bale weniweni. Pomwe Chipwitikizi chimasiyanitsa irmão ndi irmã poyang'ana ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, Chinyanja chimayang'ana amene akuyankhula: mnyamata amati mlongo wanga ponena mtsikana, mtsikananso amati mlongo wanga ponena mnyamata, ndipo pakati pa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha timasiyanitsa mkulu ndi mng'ono.

Mwana akauzidwa kuti alembe ubale wake m'Chipwitikizi asanaulembe m'Chinyanja, amataya kusiyana konseku, ndipo amayamba kuganiza kuti kutcha mng'ono wa amayi ake kuti amayi ndi kulakwitsa. Koma akayamba ndi mawu akwawo, pofika pa Chipwitikizi amakhala ndi chofananitsa. Amaona kuti chiyankhulo chilichonse chimagawa abale m'njira yake, ndipo mawu akuti tio amawagwira msanga chifukwa akudziwa anthu atatu amene akulowa m'mawuwo.

Chithunzi cha mtengo wa banja chimene timachipeza m'mabuku ambiri chimaonetsa mwana, bambo, mayi ndi agogo anayi. Amalume mulibe. Kwa mwana wa m'mudzi wa chikamwini, chithunzi chotere chasiya kunja munthu amene amaweruza nkhani za banja lake. Mbumba imayanga ngati dzungu, kuchokera kwa kholo lachikazi kupita kwa ana ake aakazi, bere lalikulu ndi bere laling'ono, ngakhale kuti m'madera ambiri masiku ano mfunda mwana amatenga wa abambo. Angoni a Maseko, amene anakhazikika mozungulira phiri la Dómuè cha m'ma 1870, anabwera ndi mwambo wolondola kuchimuna, ndipo mabanja ambiri a ku Angónia lero ali ndi mbali zonse ziwiri. M'kalasi imodzi tingapeze mwana wa chikamwini, mwana wa chitengwa, ndi ana a Chiyao, Chinyungwe, Chinsenga kapena Chilomwe. Tisawakakamize onse kulowa m'chithunzi chimodzi. Aliyense ajambule monga mmene kwawo amawerengera ubale, kenaka afotokozere anzake.

5. Kakonzedwe ka ntchitoyi m'kalasi

Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale inapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yophunzira kuti likhale la Currículo Local, ndiko kuti zinthu za m'dera la sukulu. Mbiri ya banja ikukwanira bwino m'gawo limeneli. Potengera aNambewe, tisaipange kukhala ntchito ya tsiku limodzi. Tiigawe m'milungu isanu ndi umodzi, funso limodzi pa mlungu, loperekedwa Lachisanu ndi kukambidwa Lolemba.

Tisanayambe, tikumane ndi Conselho de Escola pamodzi ndi mafumu, tiwafotokozere cholinga, ndi kuwatsimikizira kuti zolembedwa za ana sizidzatuluka pasukulu popanda chilolezo cha makolo.

Mlungu woyamba tisonkhanitse pabolodi mawu onse a ubale amene ana akudziwa, ndipo ana ayeserere kufunsa mwaulemu. Kwathu mwana satchula wamkulu dzina, choncho ayenera kudziwa kapemphedwe kake. Awiriawiri achite sewero longa ili:

“Agogo, aphunzitsi atipatsa ntchito yoti tidziwe makolo athu. Kodi mungandiuzeko amene anakubalani?”

“Iwe mwana, dzina la amayi anga ukufuna ulitani?”

“Ndikufuna ndililembe kuti lisadzaiwalike, agogo.”

“Chabwino, khala pansi apa. Amayi anga anali aNaphiri, koma dzina lawo la paubwana ndikuuza chifukwa wapempha bwino.”

Mlungu wachiwiri mwana alembe anthu amene amadya nawo pakhomo, ndi mmene amaitanira aliyense. Mlungu wachitatu afunse wachikulire mmodzi mayina a amene anamubala ndi a abale a m'mimba mwake, kuyambira woyamba mpaka chitsirizira. Mlungu wachinayi afunse za malo: kumene wachikulireyo anabadwira, kumene anakhalako, ndi chimene chinamusamutsa. Pa Lolemba la mlungu umenewu tijambule pabolodi mapu a boma lathu ndi malire, n'kuikapo malo onse amene atchulidwa. Ana adzaona okha kuti malire amene Apwitikizi ndi Angerezi anagwirizana mu 1891 anadutsa pakati pa mabanja, ndi kuti ambiri mwa anthu oposa miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo, makamaka a m'dera lathu lino, anafikira kwa abale. Mlungu wachisanu ukhale wa zaka: mwana afunse chimene chinachitika pamene wachikulireyo kapena mwana wake ankabadwa, ndipo m'phunziro la masamu apeze chakacho pamndandanda ndi kuwerengera zaka pochotsera. Mlungu wachisanu ndi chimodzi ajambule mbumba yake, amuna ndi chizindikiro cha makona atatu, akazi ndi chozungulira, n'kulemba ndime imodzi yonena za kholo limene lamusangalatsa. Pansi pa ndimeyo alembe amene anamuuza ndi tsiku lake.

Zikatha izi ndi pamene tingalowe m'Chipwitikizi. Ana alembe mawu a Chipwitikizi pambali pa a Chinyanja m'chithunzi chawo chomwecho, n'kuwerenga kuti ndi anthu angati amene agwera pa tio, pa tia ndi pa primo.

Poyesa ntchitoyi tisayang'ane kutalika kwa mbumba. Mwana amene wapeza mibadwo isanu chifukwa agogo ake ali moyo sanapose mnzake amene wapeza iwiri. Tiyang'ane ngati wagwiritsa ntchito mawu a ubale molondola, ngati ziganizo zake n'zomveka, ngati watchula amene anamuuza, ndiponso ngati wasiyanitsa chotsimikizika ndi chongomva.

6. Zofunika kusamala nazo

Mbiri ya banja ili ndi zilonda. M'kalasi iliyonse muli ana amasiye, ana amene sadziwa abambo awo, ndi ana oleredwa ndi anthu amene si abale awo. N'chifukwa chake funso la mlungu wachiwiri likunena za anthu amene mwana amadya nawo, osati amene anamubala. Mwana asankhe yekha mbali imene alondole, ndipo mbumba ya amene akumulera ndi yovomerezeka mofanana ndi ina iliyonse. Tisauze mwana kuti awerenge ntchito yake pamaso pa anzake ngati iye sakufuna, ndipo pamene wasiya mpata tisafunse chifukwa chake pagulu.

Pali nkhani zina zimene akuluakulu amazikwirira dala: kholo limene linabwera pamudzi ngati kapolo, mbali imene wina anali pa nthawi ya nkhondo, mwana wobadwa kunja kwa ukwati, kapena kunenezana ufiti kumene kunagawa mudzi. Wachikulire akakana kuyankha, mwana athokoze n'kusiya. Mwana akabwera nazo nkhani zotere m'kope, ife tizisunge, osazitengera pabolodi kapena kukazikamba ndi aphunzitsi anzathu.

Chomaliza ndi nkhani ya malo ndi ufumu. Zitamveka kuti aNambewe ali ndi makope, kunabwera abale awiri amene ankalimbirana munda, aliyense akufuna kuti kope limuchitire umboni. Iwo anawawerengera zimene mbali zonse ziwiri zinanena, ndi mayina a amene ananena, koma anakana kupereka kope kapena kugamula. Anawauza kuti, “Achimwene, ine ndimalemba zimene ndauzidwa. Mlandu wa munda uli ndi eni ake kubwalo.” Mphunzitsi, amene kawirikawiri amakhala mlendo m'dera limene akugwira ntchito, ayenera kusamala koposa apa. Makope a ana asasanduke zikalata za milandu.

Ntchito yoti tichite

1. Aliyense wa ife alembe mayina onse amene amayi ake kapena amene anamulera amadziwika nawo, ndi kufotokoza amene amagwiritsa ntchito dzina lililonse.

2. M'magulu a anthu anayi, tilembe mawu a ubale a m'Chinyanja cha kwathu ndi kuwafananitsa. Kodi a ku Angónia, a ku Milange ndi a m'mphepete mwa nyanja ya Niassa akusiyana pati? Nanga kusiyanako tingakugwiritse ntchito bwanji m'kalasi?

3. Tiwonjezere pa mndandanda wa m'gawo lachitatu zochitika zisanu za m'dera limene tikachitire maphunziro oyeserera, ndi kunena mmene tatsimikizira chaka cha chilichonse.

4. Mwana wina wabweza pepala la mlungu wachitatu lopanda kanthu, ndipo anzake ayamba kumuseka. Tikambirane zimene tingachite nthawi yomweyo ndi zimene tingachite pambuyo pake.

5. Tisanakumanenso, aliyense afunse funso limodzi kwa wachikulire woposa onse m'banja lake, pamaso kapena pafoni. Alembe yankho, dzina la woyankha ndi tsiku, ndipo abwere nalo kope lake ku phunziro lotsatira.